Chitsamba cha Analu

Alika anabwerera ku Molokai mwezi wa Ogasiti, nthawi imene kumadzulo kwa chilumbacho kumakhala kutauma gwa, udzu uli mbuu, agwape akutsika m'mapiri kudzadya maluwa m'makomo mwa anthu. Sanabwere kudzakhala. Mayi ake anali atamwalira chaka chapitacho, ndipo nyumba yawo yamatabwa inkangodyedwa ndi chiswe ndi mphepo yamchere. Iye ndi mlongo wake wamkulu, Mapuana, anagwirizana pa foni zoti aikonze pang'ono n'kuigulitsa. Mapuana ankakhala m'tauni ku Kaunakakai ndipo miyendo inkamuvuta. Alika ndiye anali ndi manja a ntchito, poti ukulu wake wonse anathera kukonza makina oziziritsa m'mahotela a ku Las Vegas, mzinda wakutali wa m'chipululu. Ponyamuka anauza mkazi wake, Noreen, kuti Khirisimasi adzadyera limodzi.

Kuseri kwa nyumbayo, pafupi ndi mpanda wa miyala yakuda umene agogo awo aamuna anasanja, kunali chitsamba cha akoko. Zitsamba zotere kunyanja zimakhala zazifupi, zokwawa m'miyala ngati zikubisalira mphepo, koma ichi chinkafika munthu m'chifuwa. Nthambi zake zinali zotuwa, zamfundomfundo ngati zala za nkhalamba, ndipo m'miyezi yotentha masamba ake ang'onoang'ono ankafiira psuu asanayoyoke. Dzina lake linachokera pamenepo, pa kufiira ngati magazi, poti m'chinenero cha pachilumbapo koko ndi magazi.

Aliyense m'banjamo ankadziwa chimene chinali pansi pake. Alika anabadwa mapasa. Mnzakeyo, Analu, anangokhala masiku ochepa n'kutsogola. Anamuika kumanda a kutchalitchi, koma michombo yawo iwiri mayi anaikwirira limodzi kuseriko, n'kudzalapo kachitsamba kamene anakazula kunyanja. Kuyambira pamenepo sankalola mwana kuponyerako mpira, ngakhale galu kukagonako. Tsiku lokumbukira kubadwa kwa Alika, asanamupatse kanthu kalikonse, ankayamba apita kuseri kukaima pamenepo akunong'ona. Alika akakhoza kusukulu, nkhani inkakafika kuchitsamba iye asanavule n'komwe nsapato. Anakula akudzimva ngati theka la mwana. Zimenezi sanauzepo munthu, ngakhale Noreen.

Atatha kukhoma malata ndi kupenta khonde, kunabwera mayi wina wothandiza anthu kugulitsa nyumba. Anazungulira pabwalo ponse, n'kunena kuti tchire lakuseri lichoke kuti ogula aziona nyanja ali pawindo la kukhitchini. Madzulo ake Alika anaimbira Mapuana.

"Zonse dula," anatero Mapuana, "koma chija usachikhudze."

"Achemwali, wogulayo adzachidula tsiku lomwe adzalandire makiyi."

"Adzadule iyeyo. Osati iwe."

"Ndi mtengo chabe. Mwana uja ali kutchalitchi, mwala wake ndinaupukuta ndekha Lamlungu lija."

"Ndanena ine," anatero Mapuana, n'kuyamba nkhani ya mitengo ya penti.

M'mawa mwake Alika anayamba ndi minga ya kumpanda. Pofika masana dzuwa linali pamutu, malaya atamata pamsana, ndipo pabwalo ponse panali poyera kupatula chitsamba chija, chili chiimire ndi masamba ake ofiira pakati penipeni pa malo amene nyanja ikanaonekera. Anachiyang'ana kanthawi. Sanaganize kwambiri. Anangomva kutopa, ndi kamkwiyo kena kakale kamene ankayesa kuti anakasiya m'ndege zaka zambiri zapitazo. Anakweza chikwanje.

Nthambi zake sizinavute. Zinkathyokera m'mfundo, thyo, thyo, ndipo paliponse pothyoka pankatuluka utomoni woyera ngati mkaka, wambiri kuposa mmene ankayembekezera. Unayenderera pachikwanje, unamufika m'zala ndi m'mikono. Atagwetsa thunthu lenilenilo anawongoka, n'kupukuta thukuta kumaso ndi kuseri kwa dzanja.

Poyamba kunali ngati kamchenga kalowa m'diso. Asanafike pampopi maso onse awiri anali moto. Anagwada pansi pa mpopi akuthira madzi, koma zikope zinkatupa akuzimva, ndipo kuwala kunasanduka mipeni. Foni anaipeza mofufuza pakhonde. Mapuana anafika ndi galimoto yake yakale, anaona chitsa ndi nthambi zili mbwee pabwalo. Anamugwira mkono ngati mwana n'kumukweza. Panjira yopita kuchipatala anangoti, "Usatikite."

Kuchipatala anamutsuka m'maso kwa nthawi yaitali, anamuthira mankhwala, n'kumumanga nsalu. Anati maso achira, koma akhale m'chipinda chamdima masiku angapo, ndipo lakumanzere aliona bwino akadzamasula. Alika anakana kukagona kwa Mapuana, komwe kunali adzukulu aphokoso. Choncho anagwirizana kuti masana azikhala naye Anti Ululani, mng'ono wa mayi awo, mayi wokalamba woyenda ndi ndodo amene ankakhala kutsidya kwa msewu.

"Mzungu wa ku Vegas," anatero Anti Ululani polowa m'chipinda tsiku loyamba. "Mwana aliyense wa kuno amadziwa kuti mkaka wa akoko sugwirira kumaso. Iwe unakaiwalira kuti, m'makasino a juga?"

"Musandiseke, Anti, ndikumva kuwawa."

"Ndikuseka bwanji, ndakubweretsera phala la poi ndi nsomba. Tsegula pakamwa, kapena nakonso wapakako?"

Anamudyetsa akumunyoza, kenako anakakhala pampando wa pakhonde lakutsogolo, ndipo posakhalitsa Alika anamva mkonono.

Munthu akatsekedwa m'maso makutu amakula. Ali gone pabedi la mayi ake, Alika ankamva malata akulira ndi dzuwa, nkhunda kumpanda, nyanja patali. Ndiye chakumasana, mphepo itaima, anamva mapazi pamiyala ya kuseri. Anali mapazi a munthu wamkulu, wolemera, wosafulumira. Anachokera kumpanda, anafika pansi pa windo, n'kubwerera. Kenako kunamveka kukhwekhwereza, ngati munthu akukoka nthambi pansi.

"Anti?"

Mkonono unkapitirira kutsogolo.

"Ndani kuseriko?"

Kukhwekhwereza kunaleka. Munthuyo anatsokomola pang'ono, kawiri, mokonza kukhosi ngati akufuna kulankhula. Katsokomoledwe kameneko Alika ankakadziwa. Noreen ankamudandaulira nako m'tchalitchi. Kanali kake.

Anadikira mawu, koma mawu sanabwere. Mphepo inayambanso, nsalu ya pawindo inagwedezeka, ndipo kuseri kunangoti zii.

Anti Ululani atadzuka, Alika anawafunsa ngati kunabwera munthu.

"Abwera ndani kuno? Agwape basi. Akumva kuti mwini munda wachita khungu."

"Gwape satsokomola, Anti."

"Amatsokomola. Sunamvepo iwe." Koma kenako Alika anamva ndodo yawo ikugogoda kupita kukhitchini, n'kuima pawindo nthawi yaitali.

Zinachitikanso mawa lake, ndi mkuja wake, nthawi yomweyo ya dzuwa la pamutu. Alika sanafunsenso kuti ndani. Ankangogona chagada, manja ali pachifuwa, akumvetsera munthu akugwira ntchito kuseri kwa nyumba ya mayi ake.

Tsiku lomasula nsalu, diso lakumanja linaona bwinobwino. Lakumanzere linali ngati galasi lopumirapo mpweya. Dokotala anati pali kachipsera, mwina katha, mwina ayi. Atafika kunyumba Alika anapita kuseri asanalowe m'nyumba. Nthambi zimene anazisiya zili balala pabwalo lonse zinali zitasonkhanitsidwa. Wina anazizika mozungulira chitsa chija, iliyonse kothyoka kuli pansi, nsonga kumwamba, zotsamirana, ngati mmene mwana angayesere kubwezera mutu wa chidole. Masamba onse anali atayoyoka.

"Ndinu munachita izi?" anafunsa Anti Ululani, amene anali atamutsatira pang'onopang'ono.

"Ine ndikawerama ndiye kuti mukandidzutse ndi galimoto," anatero. Anayang'ana nthambizo, n'kudzigwira pakamwa. "Ndipo sakudziwa. Akoko sadzala choncho."

"Sakudziwa ndani?"

Anti Ululani anagogoda ndodo pansi. Anatembenuka n'kuyamba kubwerera kwawo.

Anayamba kumuona sabata yomweyo. Anali pa makwerero akupenta khoma lakuseri, dzuwa lili pamutu, ndipo m'mbali mwa diso lachifungalo munaima munthu pafupi ndi chitsa. Atatembenuza mutu kuti amuone ndi diso labwino panalibe kanthu, mpanda wokha ndi nyanja. Atabwerera ku penti, munthuyo analiponso. Alika anaphunzira kusatembenuka. Anaphunzira kuyang'ana khoma n'kulola diso lodwalalo lione zake.

Chimene chinamuopsa kwambiri sichinali choti pali munthu. Moyo wake wonse, akaganiza za Analu, ankaganiza za khanda lokulungidwa m'nsalu. Koma uyu sanali khanda. Anali bambo wa imvi, wa mapewa akugwa, wa kamimba, woima molemetsa mwendo umodzi. Anali atakalamba naye limodzi. Zaka zonse zimene Alika ankakwera madenga a mahotela m'chipululu, kukwatira, kulera ana, kuyamba kuthothoka tsitsi, uyu naye ankakula kuseri kuno, pansi pa chitsamba, akumva nkhani zake kuchokera kwa mayi.

Nkhope yake sinkaoneka bwino. Koma kaimidwe kake sikanali ka munthu wokwiya. Ankaima ngati munthu amene wabwera kuchokera kumunda n'kupeza nyumba yake itagwetsedwa, ndipo sakudziwa poika khasu.

Dokotala anati chipsera cha m'diso chimabalalitsa kuwala, ndipo ubongo umapanga zithunzi pamene diso lalephera. Ali m'tauni Alika anakhulupirira zimenezo. Anagula misomali, anadya mpunga ndi nyama pa kalesitilanti ka pafupi ndi doko, anaseka ndi anzake akale a kusukulu. Pobwerera, atangokhota pa msewu wafumbi wopita kwawo, chikhulupirirocho chinatsala pa tala.

Anasiya kupenta. Anatenga nthambi zija, anadulako timitengo tomwe tinkaoneka kuti tidakali ndi moyo, n'kutizika m'zitini zodzaza dothi lakuda la m'thumba limene anagula kusitolo. Anaziika pamthunzi pakhonde, n'kumathirira m'mawa ndi madzulo. Pasanapite nthawi timitengoto tinada m'munsi, tinafewa, tinayamba kununkha.

"Waziphika," anatero Anti Ululani atasuzumira m'zitinimo. "Ukuyesa ndi kabichi? Chimenechi n'cha pamwala. Chimafuna dzuwa lonse, mchenga, timiyala, ndi kuiwalidwa. Mayi ako m'chilimwe ankachipatsa kapu imodzi, ndipo osati tsiku lililonse. Ukachikonda kwambiri chimaola."

"Ndiye nditani?"

"Nthambi ukathyola umaisiya kaye pamthunzi mkaka uume, kenako pamchenga. Koma izi zinagona padzuwa nthawi yaitali, zinafa kale. Taya."

"Chitsa chija sichingaphuke?"

"Mwina. Chinali chokalamba." Anakhala pampando n'kutsamiritsa ndodo. "Ukuyesa chimene unadulacho ndi chomwe chija anadzala iwe utabadwa? Ayi. Chija chinafa iwe uli kusekondale. Koma chisanafe chinali chitaponya mbewu. Tizipatso take tikapsa timaphulika tokha padzuwa, mbewu n'kumwazika. Mayi ako ankasankha kamodzi komera pafupi n'kukasiya, tina n'kupatsa anthu. Chimene unadulacho chinali chachitatu kapena chachinayi, sindikumbuka. Koma pamalopo sipanakhalepo popanda kanthu. Ngakhale tsiku limodzi."

Alika anayang'ana kuseri. "Anti, inu mumamuona?"

"Maso anga ndi a ukalamba, sindiona ngakhale nambala ya basi." Anakonza diresi pamawondo. "Mayi ako ankati mnzakoyo amadya bwino chaka chimene iwe ukudya bwino. Ife tinkati ndi chisoni chikuwalankhulitsa. Usakumbe pamenepo, usasese, usathire kanthu. Dikira mvula."

Anadikira. Chitsa chinauma, khungwa linayamba kusendeka, ndipo nyerere zinamanga njira pakati pake. Seputembala anatha, Okutobala anatha, kumwamba kuli yeee. Nyumba inali itatha kukonzedwa, ndipo mayi wogulitsa uja ankaimba kufunsa tsiku lojambula zithunzi. Alika ankapeza zifukwa. Masana aliwonse ankakhala pa sitepe yakuseri, nkhope italoza kumpanda wa kumanja, ndipo m'mbali mwa diso lakumanzere bambo uja ankaima padzuwa popanda mthunzi womuphimba. Tsiku lina Alika anatenga ambulera yakale ya kunyanja n'kuizika pafupi ndi chitsa. Atabwerera pa sitepe anadziona kupusa, komanso anaona kuti munthuyo wasuntha, waima pambali, kunja kwa mthunziwo. Anakaichotsa.

Mvula inabwera kumapeto kwa Novembala kuchokera kumwera, yamphamvu, ya masiku angapo. Fumbi linasanduka matope ofiira, nyanja inafiira m'mphepete. Itakata, pabwalo ponse panamera udzu ndi zitsamba zachabechabe. Alika ankagwada m'mawa uliwonse ndi diso lake limodzi pafupi ndi dothi, osadziwa chimene akufuna. Anti Ululani ndi amene anamusonyeza ndi nsonga ya ndodo: timasamba tiwiri tating'ono ngati mapiko a ntchentche, pa katsinde kofiirira, m'ming'alu ya pansi pa mpanda. Tinalipo tambiri ndithu, tina pafupi ndi chitsa, tina patali.

"Udzu uzule ndi zala, osati khasu," anatero. "Ndipo uvale magalasi, mzungu iwe. Ngakhale kakhanda kali ndi mkaka."

Agwape anabwera mbandakucha wina n'kudya pafupifupi tonse, tina n'kutipondaponda. Alika anapeza mapazi awo m'matope. Anakhala pansi pomwepo, bambo wamkulu wa imvi, n'kulira mmene sanalirire pamaliro a mayi ake. Kenako anapita m'tauni kukagula waya ndi mapaipi, n'kumanga mpanda wautali kuzungulira ngodya yonseyo. Tinatsala titatu. Kamodzi kanadzaza tizilombo toyera tonga thonje tomwe nyerere zinabweretsa, ndipo ngakhale ankatichotsa ndi kanthenga konyowetsa m'madzi a sopo, kanafota. Kena kanafa kokha popanda chifukwa chimene iye anachiona. Kanatsala kamodzi, kotalikira pang'ono ndi chitsa, kotsamira mwala.

Khirisimasi inamupeza ali pomwepo. Noreen anaimba m'mawa, kumbuyo kwake kukumveka adzukulu ndi mbale.

"Ana akufunsa ngati tasiyana," anatero. "Ndiwauze chiyani?"

"Uwauze kuti diso silinachire."

"Kuno kulibe madokotala a maso? Alika, ndiuze zoona. Pali mkazi?"

"Palibe mkazi."

"Nanga n'chiyani?"

Anayang'ana kambewu kaja, kamene tsopano kanali ndi masamba angapo otuwira, awiriawiri moyang'anizana. "Ndinadula chitsamba cha amayi. Ndikufuna china chikule kaye."

"Chikule kufika pati?"

"Sindikudziwa."

Noreen anali mkazi wa ku Hilo, pachilumba china cha komweko, sanali mlendo pa zinthu zotere, ndipo nkhani ya mapasa ankaidziwa. "Wakhala zaka zonsezi osamutchula n'komwe," anatero kenako, motsitsa mawu.

"Ndikudziwa."

"Ukudya?"

"Anti akundidyetsa."

"Ndiye ukunenepa," anatero, koma sanaseke, ndipo anadula foni asanatsanzikane bwino.

Tsiku limenelo, dzuwa litafika pamutu, Alika anakhala pa sitepe monga mwa masiku onse. Bambo uja analipo, mkati mwa mpanda wawaya, ngakhale kachitseko kanali kokhoma. Alika anakonza kukhosi.

"Analu," anatero. Dzinalo linamveka lachilendo m'kamwa mwake. "Ndine Alika. Kaja ndi kako. Ndi kakang'ono, koma kagwira."

Patapita kanthawi, chithunzi cha m'mbali mwa disocho chinafupika. Munthuyo anali atakhala pansi, pamwala, mawondo ali m'mwamba, mmene Alika ankakhalira akatopa. Kuyambira Ogasiti anali asanakhalepo pansi.

Alika sanamve kupepukidwa kumene ankayembekezera. Anamva mantha ena, ofatsa, oti tsopano amvana, ndipo munthu amene wamvana naye sungamusiye padzuwa n'kukwera ndege. Anayamba kumuuza zinthu. Poyamba zazing'ono: kuti waya wakwera mtengo, kuti bondo likumuwawa. Kenako za ana ake, mayina awo, ndi za chipululu chimene mvula yake imanunkha fumbi. Nthawi zina pakati pa nkhani ankazindikira kuti waima pamalo pamene mayi ake ankaima, akunong'ona mmene ankanong'onera, ndipo ankalowa m'nyumba msanga n'kutsegula wailesi.

Mu Febuluwale kambewuko kanafika m'kakolo n'kuchita nthambi ziwiri. Mwezi womwewo kunapezeka wogula, banja lina la mumzinda wa Honolulu lofuna nyumba yopumulirako. Mapuana anaimba kangapo Alika osayankha, ndipo tsiku lina anangoyamba ulendo.

Alika anali m'khitchini akukazinga mazira pamene anamva galimoto ikuima. Anamva chitseko chake, kenako mapazi olemera a mlongo wake akuzungulira kumbali kwa nyumba m'malo molowera kutsogolo. Anamumva akulankhula kuseri, mokweza, mwaukali wake wa masiku onse.

"Foni yako inagwera m'nyanja? Anthu akudikira yankho, iwe uli tong'o padzuwa ngati buluzi. Ndipo chipewa chili kuti, ndi diso lakolo? Ndikulankhula ndi iwe, Alika. Chabwino, khala choncho. Ine ndikufuna madzi."

Sitepe yakuseri inalira, chitseko chinatseguka. Mapuana analowa akupukuta thukuta m'khosi, n'kuima.

Alika anali ndi chiwaya m'manja. Anayang'anana. Mapuana anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana pawindo, kumpanda wawaya, kumene kunali mwala, chitsa chouma ndi kachitsamba kobiriwira. Anafufuza mpando ndi dzanja n'kukhala.

"Unalowera kuti?"

"Sindinatuluke, achemwali. Chiyambire m'mawa ndili muno."

Anamuthirira madzi. Mapuana anagwira kapu ndi manja awiri, koma sanamwe.

"Anatembenuka," anatero. "Pamene ndinati chipewa chili kuti. Anandiyang'ana."

Alika anazimitsa moto. Anakhala moyang'anizana naye. "Ine nkhope yake sindinaionepo. Diso ili silifika pamenepo. Akuoneka bwanji?"

"Ngati iwe."

"Ndendende?"

Mapuana anaganiza. Misozi inali itayamba kutsika, koma mawu ake sananjenjemere. "Maso ake onse ndi abwino. Ndipo alibe makwinya awa a pachipumi. Iwe umaoneka ngati munthu amene akuwerengera zinthu nthawi zonse. Iye ayi." Anamwa madzi pang'ono. "Ine ndinamunyamulapo, ukudziwa? Ndinali wamng'ono, amayi anandikhazika pabedi n'kumuika pamiyendo panga. Anali wopepuka kuposa iwe. Ndinkaopa kuti ndimuthyola."

Anakhala choncho mpaka mazira anazizira m'chiwaya. Kenako Mapuana anatulutsa foni m'chikwama, anaimbira mayi wogulitsa nyumba uja, n'kumuuza kuti apepese kwa anthu a ku Honolulu, banja lasintha maganizo. Mayiyo analankhula nthawi yaitali. Mapuana ankangoti, "Ndamva, mayi. Ndamva. Ayi." Pochoka anatulukira khomo lakutsogolo, ndipo anapempha Alika kuti amuperekeze mpaka pagalimoto.

Noreen anabwera mu Epulo. Anayendera nyumba yonse, anayamikira penti, anakangana ndi Anti Ululani za kaphikidwe ka nsomba. Alika anamusonyeza kachitsamba kaja m'mawa, dzuwa lisanakwere, ndipo iye anawerama n'kukayang'ana nthawi yaitali osakakhudza. Sanafunse kanthu. Zovala ankayanika kutsogolo, ndipo masana ankatseka nsalu ya pawindo la kukhitchini. Patatha milungu ingapo anabwerera kwa adzukulu, atanena kuti adzabweranso kukazizira. Anabweradi, ndipo kuyambira pamenepo moyo wawo unakhala wotero, wa miyezi kuno ndi miyezi uko, koma woyendayo anali Noreen yekha.

Chilimwe chitafika masamba a kachitsambako anafiira n'kuyamba kugwa. Alika anathamangira kutsidya kwa msewu mtima uli m'mwamba, ndipo Anti Ululani anamuuza kuti asiye misala, chikungogona, asayerekeze kuchithirira. Anamvera. Anakhala miyezi yotenthayo akuyang'ana timitengo tiwiri totuwa topanda tsamba, osadziwa ngati tili moyo, kapu ya madzi ili m'manja, akuwerengera ngati nthawi yakwana. Diso lakumanzere silinachire. Dokotala anamuuza za opaleshoni ina imene ikanatha kuchotsa chipseracho, ku Honolulu, ya tsiku limodzi lokha. Alika anati akaganiza kaye, ndipo sanabwererekonso.